Charles I ndi palamenti yake, anayamba ndani?

Mada: Aphunzitsi a Gondwe mulipo? Ndili pa moto kuno ku Leeds. Mwana wanga wabwera ndi homuweki ya history akuti alembe amene anayambitsa nkhondo ya pachiweniweni ya ku England, mfumu Charles I kapena palamenti. Ine ndangoti mfumu, wandifunsa chifukwa chake, ndamuuza kuti akadye kaye kkkk. Ndithandizeni ndisanyozeke mnyumba mwanga momwe

Tadala: Charles yemweyu wa pa TV? Anayambitsa liti nkhondo madala amene aja

Mada: Uyu ndi wachitatu iwe. Woyamba anamudula mutu

Tadala: Aaa azungu omwewa? Nde amatiuza za ulemu bwanji

Aphunzitsi Gondwe: Ndilipo a Mada. Poyambira ndi pa ndalama. Nthawi imeneyo palamenti sinkakumana chaka ndi chaka ngati pano ayi, mfumu ndi imene inkaitana aphungu ikafuna nkuwabalalitsa ikatopa nawo, koma msonkho watsopano sunkatheka aphunguwo asanavomere. Nde Charles atalowa ufumu mu 1625 anapeza mthumba muli mbee, nkhondo ndi Spain ili pakhomo. Aphungu a House of Commons anamuchita chinthu chomwe chinamupweteka mtima, msonkho wa katundu wa pa madoko umene mafumu am'mbuyo ankapatsidwa kwa moyo wawo onse iwo anati uyu timupatsa wa chaka chimodzi chokha. Iye anangopitiriza kutolera osafunsanso munthu

Chikondi: Koma nawonso anayamba mwano aphunguwo. Munthu wangolowa kumene

Aphunzitsi Gondwe: Sankamukhulupirira mnzake wa pamtima, Duke of Buckingham, amene ankayendetsa chilichonse. Ndipo anali ndi mfundo. Chaka chomwecho zombo zinapita kukamenya Cadiz ku Spain, asilikali atatsika anapeza mosungira vinyo, anamwa mpaka kulephera kugwira mfuti, anabwerako chimanjamanja ambiri atafera m'njira ndi matenda. Mu 1627 Buckingham anapita yekha ku chilumba cha Ré ku France, zinavutanso. Aphungu akati timuzenge mlandu Buckingham, Charles ankatseka palamenti. Ndalama zitasowa analamula anthu olemera kuti amubwereke mokakamiza, ngongole yoti aliyense ankadziwa kuti sidzabwezedwa, ndipo oposa 70 amene anakana anawatsekera opanda mlandu owerengedwa

Tadala: Ndamudziwa munthuyu. Ndi membala uja wa banki mkhonde amene amafika molawirira tsiku lokongola, tsiku lowerengera mabuku foni yathima

Yamikani: Kkkkk. Apa mpamene ife a zamalamulo timalowera. 1628, Petition of Right, anaikankha kwambiri ndi Edward Coke amene anakhalapo jaji wamkulu. Inati msonkho kapena ngongole popanda palamenti ayi, kutsekera munthu osanena mlandu ayi, kugoneka asilikali mnyumba za anthu mokakamiza ayi, kuweruza anthu wamba ndi malamulo a usilikali ayi. Charles anavomera chifukwa ankafuna ndalama, atazilandira anapitiriza zake zomwe zija. A Mada mwanayo alembe chimenechi, chizibweranso kutsogoloku

Aphunzitsi Gondwe: Ndithu. Ndipo mu March 1629 zinafika poseketsa. Charles anatuma uthenga kuti nyumba iimitse zokambirana, sipikala John Finch akuti adzuke pa mpando, aphungu awiri anamugwira nkumukhazika pansi ndi mphamvu, chitseko chitakhomedwa, mpaka anamaliza kuwerenga mfundo zawo. Mmodzi mwa omugwirawo anali Denzil Holles, musunge dzinali. Charles anatseka palamenti ndipo sanaitanenso zaka 11. John Eliot amene anatsogolera zimenezi anafera mu ndende ya Tower of London mu 1632

Mada: Zaka 11 opanda palamenti ndalama ankazitenga kuti

Aphunzitsi Gondwe: Maloya ake anakafukula malamulo akalekale oiwalika. Lina linkati aliyense amene malo ake amabweretsa mapaundi 40 pa chaka ankayenera kubwera pa tsiku lomuveka ufumu kuti adzapatsidwe udindo wa knight, amene simunabwere lipirani chindapusa, patapita zaka. Ena anauzidwa kuti minda yawo ili mu nkhalango ya mfumu malinga ndi malire a makolo akale, chindapusa. Ngakhale sopo, anagulitsa chilolezo kwa kampani imodzi yokha, azimayi nkumadandaula kuti sopoyo akuotcha manja. Koma waukulu unali msonkho wa zombo. Kale matauni a m'mbali mwa nyanja ankasonkha zombo nthawi ya nkhondo, iye mu 1635 anaufalitsa dziko lonse, ndi okhala kumtunda omwe oti nyanja sanaionepo, nkhondo kulibe, chaka ndi chaka

Yamikani: John Hampden anakana kulipira mashiling'i 20, munthu wolemera kwabasi woti ndalama imeneyo sakanaimva nkomwe. Mlandu unapita kwa majaji 12, asanu ndi awiri anaikira kumbuyo mfumu, asanu anatsutsa. Majaji oti anawaika ndi mfumu yomweyo ndipo ikanatha kuwachotsa mawa lake. Pa pepala Charles anawina koma anthu atamva kuti asanu akana ambiri anayamba kuzemba kulipira

A Kumwenda: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma aphunzitsi mukuikokera kwambiri ku ndalama nkhaniyi. Anthu sanakafe ku nkhondo chifukwa cha sopo. Nkhani inali ya mapemphero. Charles anakwatira Henrietta Maria, mkatolika wa ku France, amene ankachita misa yake poyera ku nyumba ya mfumu. Kenako mu 1633 anaika William Laud kukhala Archbishop wa Canterbury, uyu nkuyamba kusuntha gome la mgonero kulipititsa kutsogolo ngati guwa nkulitchingira, kugwada, zovala za ansembe, anthu ambiri nkumaona ngati akuwabwezera ku Roma usiku. Mu 1637 amuna atatu, Prynne, Burton ndi Bastwick, anawadula makutu pagulu chifukwa cholemba timabuku totsutsa mabishopu. Prynne anali atadulidwa kale kamodzi, ulendo uno anadula zotsalira

Chikondi: A Kumwenda pang'onopang'ono ndi akatolika tili pompano kkkk

A Kumwenda: Pepani achemwali sindikunyoza mpingo, ndikunena mantha amene anthuwo anali nawo. Ndipo amene anamugwetsa Charles si a ku England, ndi makolo athu a chipresbateria a ku Scotland. Anawatumizira buku la mapemphero osafunsa mpingo wawo olo palamenti yawo. Tsiku loyamba kuliwerenga mu tchalitchi cha St Giles ku Edinburgh, July 1637, munabuka chipolowe, amakamba kuti mayi wina wa pa msika anagenda mbusa ndi kampando kamene anakhalira. Chaka chotsatira anthu miyandamiyanda anasaina National Covenant, pangano loteteza mpingo wawo, msonkhano waukulu wa mpingo nkuchotsa mabishopu onse. Mpingo umenewu ndi umene zidzukulu zake zinadzatsegula Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, nde tikamati mpingo umayendetsedwa ndi akulu a mpingo osati bishopu, anthu anakhetsera mwazi zimenezo

Aphunzitsi Gondwe: Sindikukana bambo Kumwenda, moto unayakira ku tchalitchi. Koma onani chimene chinamubweza ku palamenti. Kuti akamenyane ndi a Scotland ankafunika asilikali, asilikali amadya. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. April 1640 anaitana aphungu, iwo anati tiyambe takamba madandaulo a zaka 11, iye anawabalalitsa patangotha masabata atatu. A Scotland anawoloka malire, anagonjetsa asilikali ake ku Newburn nkukhala mu Newcastle, kumene London inkadalira malasha, ndipo pangano linali loti Charles aziwalipira mapaundi 850 pa tsiku ali m'dziko lake lomwe. Apa analibenso kothawira. November 1640 anaitana ina, imeneyi sinatheke kuibalalitsa

Tadala: Zikundikumbutsa 2007 zija za bajeti ndi Section 65, aphungu kukana kukamba bajeti mpaka

Thoko: Tadala lamulo la gulu lino ukulidziwa. Za ndale za kwathu ayi, tinatsala pang'ono kutha gulu chaka chatha

Tadala: Chabwino a admin ndabweza lilime

Yamikani: Osalowa ndale, koma mfundo yoti boma silingatolere msonkho kapena kudya ndalama popanda aphungu kuvomera tinaitengera ku Westminster komweko, pamodzi ndi sipikala ndi ndodo ija amanyamula polowa

Aphunzitsi Gondwe: Tsopano a Mada apa mpamene mwana wanu angapeze mamalikisi, chifukwa ana ambiri amalemba msonkho wa zombo kenako nkulumphira ku nkhondo ngati zinatsatana. Ayi. Pofika pakati pa 1641 palamenti inali itapeza pafupifupi zonse zimene inkafuna ndipo Charles anasaina yekha. Msonkho wa zombo unathetsedwa, khothi la Star Chamber lodula makutu lija linathetsedwa, lamulo linati pasamadutse zaka zitatu opanda palamenti, lina linati iyiyi singatsekedwe yokha isanavomere. Laud anali mu Tower. Earl of Strafford, nduna yake yamphamvu kwambiri, aphungu ataona kuti mlandu woukira ukuvuta kutsimikiza anangopanga lamulo loti aphedwe basi. Charles anali atamulonjeza kuti sadzataya moyo olo chuma chake, koma chigulu cha anthu chitazungulira nyumba ya mfumu ku Whitehall anasaina, Strafford anadulidwa mutu pa 12 May 1641. Nde funso ndi loti ngati zonse zinatheka nkhondo inabwereranji chaka chotsatira

Mada: Eya inabwereranji

Aphunzitsi Gondwe: Chifukwa panalibe amene ankakhulupirira siginecha ya Charles. John Pym, mtsogoleri wa aphungu otsutsa mfumu, ndi anzake ankadziwa kuti munthuyu akasaina amakhala akudikira tsiku lodzabweza, anaona ndi Petition of Right, ndipo ankadziwa kuti tsiku limenelo mitu yoyamba kugwa ndi yawo. Nde October 1641 ku Ireland kunabuka kuukira, pakufunika asilikali okathana nazo. Asilikaliwo awalamule ndani? Mwa malamulo onse a nthawiyo ndi mfumu. Pym anati tikampatsa asilikali ayambira ife. Apa ine ndimati nkhondo inabadwira pamenepa

Chikondi: Koma aphunzitsi apa Pym ndi amene akuphwanya lamulo tsopano eti

Aphunzitsi Gondwe: Eya ndipo aphungu ambiri anaona choncho. November 1641 Pym anabweretsa chikalata chachitali cha zolakwa zonse za mfumu, Grand Remonstrance, anakangana mpaka pakati pa usiku, chinadutsa ndi mavoti 159 kwa 148 basi. Nyumba yomwe chaka chapitacho inali pafupifupi mawu amodzi inali itagawanika pakati. Anthu ngati Edward Hyde amene anatsutsa msonkho wa zombo anayamba kupita mbali ya mfumu poona kuti Pym wanyanya, akufuna kusankhira mfumu nduna, ena akufuna kuchotseratu mabishopu, akugwiritsa ntchito zigulu za mu London kuopseza. Charles akanangokhala phee miyezi ingapo anthu ankabwera okha kwa iye

Tadala: Sanakhale phee ndikuona

Aphunzitsi Gondwe: Pa 4 January 1642 analowa yekha mu House of Commons, amuna a zida mazana angapo atatsala pakhomo, kudzagwira aphungu asanu, Pym, Hampden wa mashiling'i 20 uja, Holles wogwira sipikala uja, Haselrig ndi Strode. Anali atatsinidwa khutu kale, anatulukira kumbuyo nkukwera bwato pa Thames. Charles anakhala pa mpando wa sipikala nkumayang'ana nkhope imodziimodzi, anafunsa sipikala William Lenthall kuti ali kuti, Lenthall anagwada nkuyankha mwaulemu kuti alibe maso oonera kapena lilime loyankhulira kupatula mmene nyumbayo yamulamulira. Charles anangoti ndaona mbalame zauluka, nkutuluka. Pasanathe sabata anachoka mu London, anadzabwereramo ngati mkaidi

Mada: Ndiye chifukwa chake amamutsekera chitseko kumaso munthu wa ndodo yakuda uja mfumu ikabwera kudzatsegulira palamenti? Ndimaona pa BBC ndimangoti mwambo wa azungu

Yamikani: Amakumbukira zoti nthumwi ya mfumu silowa mwa aphungu mwa mphamvu. Ndipo chichokereni tsiku limenelo palibe mfumu yolamula imene inapondamo mu chipinda chimenecho aphungu ali mkati mokambirana

A Kumwenda: Nkhondoyo muidutse msanga aphunzitsi, ine ndikufuna tifike pa mlandu

Aphunzitsi Gondwe: Mwachidule, Charles anakweza mbendera yake ya nkhondo ku Nottingham pa 22 August 1642, poyamba zinkamuyendera, kenako palamenti inagwirizana ndi a Scotland, nkugonjetsa asilikali ake ku Marston Moor 1644, nkupanga gulu latsopano la asilikali olipidwa bwino pansi pa Thomas Fairfax ndi Oliver Cromwell, limene linamuswa ku Naseby June 1645. Ku Naseby komweko anagwira bokosi la makalata ake nkuwasindikiza, anthu anawerenga okha kuti ankafunafuna asilikali ku Ireland ndi kunja pamene pakamwa akukamba za mtendere. Atagonja mu 1646 panalibe amene ankaganiza zomupha, onse ankafuna abwerere pa mpando ndi malire. Iye anayamba kukambirana ndi palamenti, asilikali ndi a Scotland nthawi imodzi, aliyense kumuuza zake, anathawa ku Hampton Court nkukathera ku Isle of Wight, kumeneko anasainirana mwachinsinsi ndi gulu lina la a Scotland kuti alowe England. Nkhondo yachiwiri 1648, anthu anafanso. Asilikali apa anati basi munthuyu ndi wa mwazi

Yamikani: Koma pa mlanduwo ine ndiima ndi Charles olo mundigende. Palamenti imene inamuzenga sinali palamenti. December 1648 aphungu ambiri anavota kuti apitirize kukambirana naye, mawa lake pa 6 December Colonel Pride anaima pakhomo ndi asilikali ndi ndandanda wa maina, ena kuwabweza ena kuwamanga. Otsalawo ndi amene anapanga khothi, House of Lords inakana iwo anangoidumpha. Fairfax mwini wake wa asilikali sanakhale nawo pa mlanduwo. Charles atalowa mu Westminster Hall sanavule chipewa ndipo anafunsa funso limodzi, mwandibweretsa pano ndi mphamvu ya lamulo liti? John Bradshaw amene ankatsogolera analibe yankho logwira mtima, ankangoti m'dzina la anthu a ku England. Anthu ake ati, poti aphungu awo mwawathamangitsa ndi mfuti? Anasaina chikalata cha imfa anali 59 okha

A Kumwenda: A loya, lamulo limene munthu analiphwanya zaka 20 akalikumbukire tsiku la mlandu wake? Eliot anafera mu Tower anaweruzidwa bwino?

Yamikani: Bambo Kumwenda kulakwa kwa oimbidwa mlandu sikupatsa khothi mphamvu imene lilibe. Mukavomera zimenezo mawa aliyense wa mfuti apanga khothi lake

A Kumwenda: Nde akanatani naye? Kumusunga anathawa, kupangana naye ananama, kumuthamangitsira kunja akanabwera ndi asilikali a ku France

Yamikani: Funso limenelo ndi la ndale, ine ndikukamba za lamulo

Aphunzitsi Gondwe: Nonse mukunena zoona ndipo sindikugamulani. Chimene ndinganene nchoti anafa bwino kuposa mmene analamulira. Pa 30 January 1649 kunkazizira kwambiri, anapempha malaya awiri kuti asanjenjemere anthu nkumati akuopa. Anatulukira pa windo la Banqueting House ku Whitehall kupita pa nsanja, nkhwangwa kamodzi. Munthu amene moyo wake onse ankachita chibwibwi pa mlandu paja anayankhula mosadodoma

Tadala: Nde Cromwell ndi ngwazi ya demokalase eti, ndinaona chithunzi cha chiboliboli chake panja pa palamenti

Chikondi: Ubwere kuno ku Dublin udzanene zimenezo mokweza uone. Ndimagwira ntchito ndi anesi achi Irish, dzina limenelo mpaka lero ndi chitukwano. September 1649 ku Drogheda, mtunda wosakwana ola limodzi kuchoka pano, asilikali ake anapha pafupifupi onse oteteza tauniyo ndi ansembe ndi anthu wamba ena, kenako Wexford, kenako malo a akatolika kulandidwa eni ake nkuwakankhira ku Connacht. Demokalase yake iti

Aphunzitsi Gondwe: Olo ku England komweko. Asilikali wamba ndi a Levellers, gulu lofuna kuti anthu wamba nawonso azivota, atafunsa ku Putney mu 1647 kuti kodi mmphawi sayenera kuvota, Cromwell ndi mkamwini wake Ireton anakana, voti ndi ya okhala ndi malo. Ndipo April 1653 Cromwell analowa mu palamenti ndi asilikali nkuthamangitsa aphungu otsala aja, analamula kuti ndodo ya sipikala ichotsedwe, chitseko nkukhoma. Sipikala wake anali Lenthall yemwe uja. Chimene Charles analephera ndi aphungu asanu uyu anachichita ndi nyumba yonse, ndipo misonkho yake inali yolemera kuposa ya zombo ija. Anamwalira 1658, mwana wake Richard sanakhalitse, 1660 palamenti inaitana Charles II, mwana wa Charles I, kuti abwere adzakhale pa mpando. Mtembo wa Cromwell anaufukula nkuupachika ku Tyburn pa 30 January 1661, mutu nkuuzika pa mtengo pamwamba pa Westminster Hall

Tadala: Nde anafera chani anthu onsewo ngati mfumu inabwereranso

Yamikani: Inabwerera koma msonkho wa zombo ndi Star Chamber sizinabwerere. Zotsalazo zinadzathera pa James II, mwana wina wa Charles I, amene anathawa mu 1688, Bill of Rights ya 1689 nkulemba poyera kuti msonkho popanda palamenti ayi, asilikali okhazikika nthawi ya mtendere popanda palamenti ayi. Mfundo ziwiri zomwe zija, ndalama ndi asilikali

Chikondi: A Kumwenda nanga makolo anu a ku Scotland aja, si omwewo anamupereka Charles kwa a palamenti atathawira kwa iwo? Mwadumpha pamenepo

A Kumwenda: Sindinadumphe achemwali. Anadzipereka kwa iwo May 1646 pafupi ndi Newark, anakhala naye miyezi yambiri ku Newcastle akumuchonderera kuti avomere Covenant, anakana, January 1647 anamusiya m'manja mwa palamenti iwo atalandira gawo la malipiro a asilikali awo, nchifukwa chake adani awo ankati anagulitsa mfumu. Koma kumupha sanavomere. Charles anabadwira ku Dunfermline, anali mfumu yawonso, a ku London anamudula mutu osawafunsa. Patangopita masiku ochepa Edinburgh inalengeza mwana wake kukhala mfumu, anamuveka ku Scone pa 1 January 1651 atamusainitsa Covenant imene bambo ake anaikana

Chikondi: Anaisunga?

A Kumwenda: Atangokhazikika pa mpando ku London anabwezeretsa mabishopu ku Scotland, abusa mazana anachotsedwa m'mipingo yawo, anthu nkumakapemphera kumapiri asilikali akuwasaka